Ku Ulaya akuveka nyumba zakale majasi a matabwa

M'maiko monga Netherlands, Germany ndi Estonia nyengo ya chisanu kumazizira mpaka madzi kuundana, moti banja likapanda kutenthetsa m'nyumba ndi gasi kapena magetsi, ana ndi okalamba amadwala. Tsoka lake nyumba zambiri zimene zinamangidwa mothamanga nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha zili ndi makoma osasunga kutentha, ndiye ndalama za mabilu zimangothera kutenthetsa kubwalo. Bungwe la European Union limati nyumba zimadya pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a mphamvu zimene maiko ake amagwiritsa ntchito.

Kugwetsa n'kumanganso n'kodula, komanso anthu okhalamo angapite kuti? Ndiye amisiri anapeza njira yoiveka nyumbayo jasi kunja kwake.

Poyamba amayeza makoma onse ndi makina a laser kuti adziwe pamene pali zenera, khomo ngakhale popindika. Miyesoyo imapita ku fakitale komwe akalipentala amakhoma mafelemu a matabwa a mitengo ya mtundu wa paini, aatali ngati chipupa chonse, n'kudzazamo zotchinga kuzizira. Mawindo atsopano amaikiratu komweko. Zikatero lole imanyamula zipupazo, kreni n'kumazikweza chimodzichimodzi ndi kuzikoleka pa zitsulo zokhomeredwa ku khoma lakale. Kawirikawiri eni nyumba sasamuka n'komwe.

Boma la Netherlands linayambitsa ndondomeko yotere, yotchedwa Energiesprong, m'chaka cha 1990 kuonjezapo zaka 20, ndiye kuti 2010, ndipo nyumba zina zinkatha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Ndalama imene wochita lendi ankalipira mabilu ndi imene imabweza pang'onopang'ono mtengo wa ntchitoyo. Ku Estonia, sukulu ya ukachenjede ya Tallinn University of Technology inaveka motere m'chaka cha 2017 nyumba yogona ophunzira ya nsanjika zisanu yomwe inamangidwa mu 1986.

Chimene chingakondweretse alimi ndi zimene amadzaza m'mafelemumo. Ambiri amaikamo ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula, koma ena amaikamo ulusi wa zotsalira za matabwa, mapepala akale ophwanyaphwanya kapena mapesi a tirigu. Kampani ya EcoCocon imapanga zipupa zake potsendera mapesi m'mafelemu, zinthu zimene kale mlimi wina akanangotentha m'munda.

Chinsinsi chake si mapesiwo ayi, koma mpweya umene umatsekeredwa m'timipata take. Mpweya wosayenda sulola kutentha kudutsa msanga. Inu amene munagonapo m'nyumba ya udzu ndi ya malata mwezi wa October, kapena wa June, kusiyanaku mukukudziwa kale.

Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi chinyezi. Mapesi kapena matabwa akalowa m'chipupa asanaumitsitse, amachita nkhungu n'kuwola ngati chimanga chothiridwa m'nkhokwe chili chachiwisi, ndipo pakhoma lotsekedwa palibe amene angaone msanga. Ngakhale khoma lakale la simenti limakhala ndi madzi amene linamwa pa mvula ya zaka zambiri, ndipo likavekedwa madziwo amafuna potulukira. N'chifukwa chake amisiri amasiya kampata kopita mphepo kuseri kwa matabwa akunja, ndipo zipupazo amazikulunga m'mapulasitiki pochoka ku fakitale kuti mvula isazinyowetse panjira.