Diso Lifike Kaye, Dzanja Pambuyo

Pa masewera a Olympics pali mpikisano wowombera chandamale ndi mfuti ya mpweya, woomberayo ataima mamita 10 kuchokera pa chandamalecho. Kadontho kopatsa mapointi 10 n'kotambalala theka la milimita basi, kochepa kuposa kambewu ka mawere. Mwina mukuganiza kuti chinsinsi ndi dzanja losanjenjemera. Ine ndikuti ntchito yaikulu ili m'diso.

Tatambasulani mkono, muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Malo amene diso limaona bwinobwino pa nthawi imodzi ndi aakulu ngati chikhadabocho. Amene amaona malowo ndi kadera kakang'ono pakati pa retina kotchedwa fovea. Zam'mbali zonse timangoziona mwachimbuuzi.

Chinanso, diso likamadumpha kuchoka apa kupita apo, ubongo umachepetsa kuona kwa kanthawi. N'chifukwa chake katswiri amatumiza diso kaye, likhazikike, mfuti ibwere pambuyo. Liwiro lake limachokera pamenepo, osati pa phuma.

Mu 1996, Joan Vickers wa ku University of Calgary ku Canada anafalitsa kafukufuku wa osewera basketball. Anapeza kuti odziwa kugoletsa amakhazika diso pagolo nthawi yotalikirapo asanaponye mpira kusiyana ndi anzawo. Anazitcha quiet eye, kapena kuti diso lodekha, ndipo zinadzapezekanso mwa oombera mfuti.

Kwathu kuno ku Kasinje simukusowa mfuti kuti muyese zimenezi, ndiponso kukhala ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu. Legeni ndi chitini zakwana, bola kuseri kwa chitinicho kusakhale munthu kapena chiweto.

Yambani n'kudziwa diso lanu lotsogolera. Pangani kabowo ndi manja awiri, musuzumire mtengo wapatali maso onse ali otsegula. Tsinzinani diso limodzi, kenako linzake. Diso limene likusunga mtengowo m'kabowo ndiye lotsogolera. Langa ndi lamanja, ngati la anthu ambiri, koma m'kalasi mwanu simulephera kupezeka amanzere.

Kenako ponyani miyala 10 mwaphuma, ina 10 mutayang'anitsitsa kadontho kamodzi pachitini kwa masekondi awiri. Lembani zotsatira, mufananitse ndi anzanu. Amene mumaponya zigoli pa netball ya pasukulu, yesaninso pagolo Lachisanu likubwerali.