Sapitwa: dzina lomwe ndi chenjezo

Anzanga a kusekondale, mayeso akafunsa nsonga yaitali kwambiri m'Malawi muno, tonse timayankha mosajejema kuti ndi Sapitwa, pa phiri la Mulanje, mamita 3,002. Koma ndi angati mwa ife amene tinalimvetserapo bwinobwino dzinalo? Sapitwa ndiye kuti kumalo kosapitika. Makolo ankati kumeneko n'kwa mizimu. Ine ndikuona kuti m'dzinali mulinso sayansi.

Tiyambe ndi kuzizira. Mukamakwera phiri, mpweya umanka nupepuka, ndipo kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse. Kwathu kuno ku Namitete, Nsaru ndi Mpingu tili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000. Tawerengerani nokha: pa Sapitwa pamazizira kuposa kuno ndi madigiri pafupifupi 12. Ndiye taganizirani m'mawa wa mu June, uja timapita kusukulu manja ali m'khwapa, muchotsepo madigiri 12 enanso!

Chachiwiri ndi chifunga. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya Indian ikagunda phirili imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, nthunzi n'kusanduka mitambo. Ndicho chiperoni chija, chomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chikatsika, munthu saona ngakhale mwala uli patsogolo pake. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anakwera Sapitwa popanda womulondolera, anasochera, n'kufa ndi chisanu. Lero anthu amafika ndithu pansongapo, koma anzeru amatenga wodziwa njira.

Si ife tokha otcha mapiri motere. Ku Peru, m'mapiri a Andes, anthu olankhula Quechua, chilankhulo cha ufumu wakale wa Inca, ali ndi phiri lotalika mamita oposa 6,200 lotchedwa Salkantay. Dzinali linachokera ku mawu akuti sallqa, kutanthauza chinthu cholusa, chosawetedwa. Machu Picchu, malo otchuka aja, tanthauzo lake ndi phiri lokalamba, ndipo loyandikana nalo, Huayna Picchu, ndi phiri lachinyamata. Anthu a Chisipanishi analanda dzikolo m'zaka za m'ma 1530, koma mayinawo sanafafanizike. Dzina la phiri limasunga zomwe eni dera anaona ndi kuphunzira.

Tsono tayang'anani chakumwera, kumapiri a Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Dzinalo likutiuza kuti kale m'nkhalangomo munkadzaza nyama. Lero matumba a makala akutuluka m'menemo usana ndi usiku panjinga, ndipo mitengo ikatha, madzi a mvula sadzalowanso bwino pansi kuti adyetse mtsinjewo m'chilimwe.

Ntchito yanu sabata ino nayi: funsani agogo tanthauzo la dzina la kaphiri, dambo kapena mtsinje wa kwanuko. Kenako mukaone ngati chomwe dzinalo likunena chikadalipo.