Zimene Oyesa Galimoto Amapeza Kunsi kwa Galimoto Yanu

Galimoto iliyonse isanalandire satifiketi ya COF, yosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, imayamba yayesedwa monga mwa lamulo la pamsewu la 1997. Ambiri popita kukayesetsa amakonza magetsi, hutala ndi mabuleki, koma amaiwala zitsulo za kunsi zimene zimanyamula thupi la galimoto ndi kugwiriziza matayala pansi. Woyesa akasuzumira kunsiko amapezako zilema zimene zinayamba kalekale kudzionetsa.

Choyamba ndi mashoko. M'kati mwa shoko muli mafuta amene amaletsa galimoto kudumphadumpha. Labala yotseka mafutawo ikatha, shoko imanyowa ndipo fumbi limamatirira. Zikatero tayala limanjanja pa msewu m'malo mokakamira, choncho dalaivala akaponda buleki galimoto imakaima patali. Tayala lotere limathanso mwa zigambazigamba. Kanikizani ngodya imodzi ya galimoto ndi kuisiya. Ikapitiriza kuvina, mashoko atha. Posintha, sinthani onse awiri, la kumanja ndi la kumanzere.

Chachiwiri ndi ball joint, kachitsulo kozungulira kamene kamalola tayala lakutsogolo kukhota. Kamakhala mu girizi, kokutidwa ndi labala. Labalayo ikang'ambika, mchenga wa kunyanja kuno umalowa ndi kuyamba kudya chitsulo ngati tupa. Woyesa amakweza galimoto pa jeke, nagwira tayala pamwamba ndi pansi, kenaka kuligwedeza. Likamagwedera, ndiye kuti ball joint kapena beringi yatha. Akaligwira m'mbali, amaona ngati tie rod end, yolumikiza tayala ndi chiwongolero, ili bwino. Ball joint ikazuka galimoto ili pa liwiro, tayala limapindikira m'kati ndipo chiwongolero sichimveranso munthu.

Chachitatu ndi mabushi, timalabala tokhala pamene zitsulo ziwiri zikumana. Akauma ndi kusweka, mumamva kugogoda pa bampu iliyonse, ndipo galimoto imakokera mbali imodzi.

Chachinayi ndi masipulingi. Pa mapikapu ndi malole amakhala zitsulo zosanjikizana, zomangidwa ndi mabawuti. Chimodzi chikathyoka kapena mabawuti akamasuka, galimoto imapendekera. Kumanga ndi waya kapena chingwe cha tayala lakale si kukonza ayi.

Nanga chimathetsa msanga zitsulozi n'chiyani? Ndi maenje a nyengo ya dzinja, liwiro pa misewu ya fumbi, ndiponso katundu wopyola muyeso. Pikapu ya tani imodzi ikasenza madengu a usipa, matumba a mpunga, anthu n'kukhala pamwamba, kuchokera ku Nkhotakota mpaka ku Salima, masipulingi amawongoka ndipo mashoko amatentha.

Pali ena amene amabwereka zitsulo zabwino tsiku loyesetsa, mawa lake n'kubwezeramo zakutha. Otere amanyenga woyesa, koma okwera mawa ndi ana a sukulu, amayi opita kuchipatala, mwinanso banja lawo lomwe. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Woyesa akakubwezani chifukwa cha ball joint, wakuchitirani chifundo.

Abambo ndi amayi amene muli ndi galimoto, musadikire tsiku la COF. Mvula ikatha, pitani kwa makaniko akaone kunsi. Inunso okwera, mukamva kugogoda pansi pa mpando kapena mukaona minibasi yopendekera, muuzeni dalaivala mwaulemu. Akapanda kumva, tsikani mudikire ina.