Khalidwe Lili ndi Kwawo

Bambo wamkulu akayankha mwamwano pasiwa, amayi a m'nyumba amanong'onezana kuti, "Kodi ameneyu analangidwa?" Wina amawonjezera, "Nanga amapemphera kuti?" Kwa Mchewa khalidwe la munthu lili ndi kwawo, ndipo lero tikulilondola kumene limachokera.

Kale kwawo kwa khalidwe kunali kudambwe ndi kutsimba. Mnyamata akameta ankamva mwambo kwa phungu wake: kunjuta polankhula ndi akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kusunga chinsinsi ngakhale amunyengerere chotani. Mtsikana ankaumva kwa anamkungwi. Zimenezi zinali chipembedzo ndithu, pakuti wophwanya mwambo ankaputa mizimu ya makolo n'kuitanira mdulo pakhomo.

Mu 1889 amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Nkhoma inatsatira mu 1896. Akhristu analetsedwa gule ndi chinamwali. Koma mwana wosalangidwa amulere ndani? Mpingo unadzayambitsa chilangizo, n'kusankha amayi okhwima kukhala alangizi. Ng'oma inachoka, Baibulo linalowa, koma ulemu wophunzitsidwawo unali womwe uja.

Ofufuza za maganizo nawonso anafunsapo ngati chipembedzo chimaumba khalidwe. Vassilis Saroglou wa ku yunivesite ya Louvain ku Belgium anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri, n'kupeza kuti akuluakulu opembedza amapendekera ku makhalidwe awiri: kukhala bwino ndi anzawo, ndi kudzigwira pochita zinthu mwadongosolo. Kupendekerako n'kochepa, ndipo sikutiuza chinayamba n'chiti. Mwina wofatsa ndiye amakopeka msanga ndi mapemphero.

Pamenepa ndikugwirizana nawo. Pitani pamaliro pomwe afika amayi a Chigwirizano, onse bulauzi yoyera ndi duku loyera. Wina ndi wa mawu, ndiye amayambitsa nyimbo, amadzudzula ochedwa, sachita manyazi pamaso pa abusa. Mnzake simumumva n'komwe. Iye ali kuseri, ndowa pamutu, akutungira ophika madzi mpaka mbandakucha, kenako n'kukakhala phee pambali pa namfedwa. Chikhulupiriro chawo n'chimodzi. Wolankhula uja sanasanduke wachete, wachete sanasanduke wolankhula, koma aliyense mtima wake wapatsidwa ntchito.

Komabe tisathamangire kunena kuti chipembedzo sichiwonjezera kanthu. Mu 1967 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa Mboni za Yehova, zomwe zinkakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress. Khadilo linali lotsika mtengo, ndipo kulionetsa kunali kokwanira kuti ulowe mumsika mwamtendere. Anthu wamba, alimi ndi amayi obereka ana kumsana, anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ena anaphedwa. Kodi onsewo anabadwa olimba mtima? Ayi ndithu, munali amantha ngati ife. Kaya mumavomereza chiphunzitso chawo kaya ayi, kulimba kumene kuja anakutenga m'chimene ankakhulupirira. Mu 1972 zikwizikwi anawoloka malire kukakhala pamsasa wa Sinda Misale ku Zambia, ena pambuyo pake ku Milange ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, patatha zaka 26.