Tizilombo ta m'nthaka timene timagaya poizoni wa m'mafakitale

Mu 1979, zitsime ziwiri za madzi akumwa m'tauni ya Woburn, ku Massachusetts m'dziko la America, zinatsekedwa zitapezeka ndi mankhwala otchedwa TCE. Pa nthawiyo n'kuti ana angapo a m'deralo atadwala kale khansa ya m'magazi.

TCE ndi mnzake PCE ndi mankhwala osungunula girisi. Woyambayo ankatsukira zitsulo m'mafakitale, winayo amachapira masuti kopanda madzi. Akatayikira pansi sakhalira pamwamba. Amalemera kuposa madzi, motero amalowerera mpaka kukakhazikika kunsi kwa madzi a m'nthaka, n'kumawaipitsa pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri.

Mu 1989, David Freedman ndi James Gossett a ku yunivesite ya Cornell anasonyeza kuti mabakiteriya okhala kopanda okosijeni amatha kuphwanya PCE mpaka kutheratu. Mu 1997, akatswiri a komweko anapatula bakiteriya wogwira ntchitoyi, Dehalococcoides. Kanthu kameneka kamapumira mankhwalawa monga momwe ife timapumira okosijeni. PCE ali ndi maatomu 4 a klorini, ndipo iko kamathothola imodziimodzi: atsale 3 ndiye TCE, atsale 2 ndiye DCE, itsale imodzi ndiye vinyl chloride. Yomalizayo ikachoka pamatsala ethene, mpweya womwe uja umene umapsetsa nthochi.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ntchitoyi imatha kuimira panjira. M'nthaka mukasowa Dehalococcoides wa mtundu woyenera, kapena mukachepa haidrojeni wochokera ku zinthu zowola, DCE ndi vinyl chloride zimangounjikana. Chikhalirecho vinyl chloride amayambitsa khansa ya chiwindi. Bungwe la EPA, loteteza zachilengedwe ku America, limalola mamaikirogalamu 5 a TCE pa lita imodzi ya madzi akumwa, koma a vinyl chloride 2 okha.

N'chifukwa chake kampani ikati "chilengedwe chiyeretsa chokha", tisamangovomera ndi mutu. Malangizo a EPA a mu 1999 amafuna umboni wakuti poizoni akuchepadi, ndipo umboniwo umachokera m'zitsime zopimira, chaka ndi chaka. Pomwe ntchito yaima, mainjiniya amapopera pansi molasesi kapena mafuta ophikira kuti mabakiteriya apeze chakudya. Nthawi zina amathiramo mabakiteriya enieniwo, monga KB-1, gulu lomwe Elizabeth Edwards analera ku yunivesite ya Toronto.