Mudzi udamira, mapu akale akuukumbukira

Munthu akafika m'chigwa cha mtsinje wa Kiamichi m'boma la Oklahoma ku America n'kufunsa njira ya ku mudzi wa Sardis, amulozera madzi okhaokha. Mudziwu udamira boma litamanga damu pa mtsinje wa Jackfork, ntchito yomwe idatha mu 1982. Chidatsala ndi manda, omwe adawakweza ndi dothi n'kukhala kachilumba.

Koma pa mapu akale a bungwe la boma la US Geological Survey, mudziwu ukadalipo.

Chigwachi ndi kwawo kwa anthu a mtundu wa Choctaw, ngakhale makolo awo adali a ku Mississippi. Pangano la Dancing Rabbit Creek la mu 1830 lidawalanda malo a makolo, ndipo pakati pa 1831 ndi 1833 ambiri adasamutsidwira kumadzulo. Anthu miyandamiyanda adafera m'njira ndi njala, kuzizira komanso matenda.

Atafika, adatsegula minda, adamanga matchalitchi ndi sukulu, ndipo mu 1884 adamanga nyumba ya malamulo ku Tuskahoma.

Akatswiri oyeza malo adalowa m'derali m'zaka za m'ma 1890. Nthawiyo boma linkakonza zoduladula malo a mtundu wonse n'kupatsa aliyense chigawo chake, zomwe zidachititsa kuti malo ambiri agwere m'manja mwa obwera. Choncho kuyezako sikudali kwa chisangalalo kwa eni nthaka.

Mapuwa amaonetsa mmene dziko lakhalira. Mizere yofiirira ikathithikana ndiye kuti pali phiri kapena chiphedi, ikatalikirana ndiye kuti m'pachidikha. Mitsinje ili ndi mtundu wobiriwira ngati thambo, pomwe nyumba ndi timadontho takuda.

Chuma china ndi maina. Tuskahoma ndi "msilikali wofiira", Nashoba ndi chilombo chonga mmbulu, pomwe Talihina ndi "msewu wa chitsulo", dzina lomwe lidabwera ndi njanji. Nalo dzina loti Oklahoma n'lachiChoctaw, kutanthauza "anthu ofiira".

Kuyambira mu 2011, bungweli lidaika mapu ake akale pa intaneti kuti aliyense aziwaona mwaulere. Mdzukulu yemwe amangomva agogo akusimba za Sardis angathe kuika mapu akale pambali pa atsopano n'kuloza ndi chala pomwe padali mudzi, tsopano pansi pa madzi.