Quelimane: mzinda woyendedwa pa njinga

QUELIMANE — Munthu wochokera ku Milange, ku Angónia kapena ku Tete akatsika shapa mu mzinda uno, choyamba kumva m'makutu mwake si hutala ya galimoto ayi. Ndi mabelu a njinga. Njinga kutsogolo, njinga kumbuyo, njinga pa mphambano iliyonse. Ina yanyamula mayi wa dengu la nsomba, ina mphunzitsi wothamangira kusukulu, ina matumba a makala oposa msinkhu wa mwini wake.

Quelimane ndi likulu la chigawo cha Zambézia. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mumakhala anthu pafupifupi 350,000. Ambiri mwa iwo amapita kuntchito, kumsika ndi kuchipatala pa takisi ya njinga, imene kuno amati táxi de bicicleta, ndipo abale athu a ku Malawi amati kabaza. Mlendo wofuna kuudziwa mzindawu ndi midzi yake angachite bwino kutsanzira eni mudzi: abwereke njinga, alipire, apalase. Koma adziwe chinthu chimodzi asanakwere. Njinga ya ku Quelimane si choseweretsa. Ndi munda wa munthu.

Chifukwa chiyani njinga?

Choyamba ndi nthaka. Quelimane ali pa chidikha, m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, makilomita oposa 20 kuchokera pamene mtsinjewo umathira m'nyanja yamchere. Mulibe phiri, mulibe chitunda. Amene anazolowera kukankha njinga pa zitunda za ku Angónia, kuno amadabwa kuti wayenda tsiku lonse osatsikapo.

Chachiwiri ndi umphawi. Nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira anthu ambiri a kumidzi mu mzindawu. Makampani akale a kokonati anafooka, njanji yopita ku Mocuba inaleka kugwira ntchito, ndipo ntchito zolembedwa zinachepa. Mnyamata wopanda munda, wopanda satifiketi, anaona kuti kaliyala ya njinga ikaikidwa kansiponji imasanduka mpando, ndipo mpandowo umabala ndalama ya ufa.

Lero njinga yasanduka chizindikiro cha mzinda. Ngakhale mkulu wa khonsolo, a Manuel de Araújo, amene anasankhidwa koyamba mu Disembala 2011, anatchuka m'dziko lonse chifukwa choyenda pa njinga m'misewu ya mzinda wawo.

Kubwereka kwake

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kupangana ndi wa takisi kuti akuyendetseni iye mwini kwa maola angapo kapena tsiku lathunthu. Njira imeneyi ndi yabwino kwa mlendo wosadziwa misewu ndiponso wosamva Chichuwabo, chilankhulo cha eni dera lino. Wa takisi amakhala woyendetsa, womasulira ndiponso mboni pamsika.

Yachiwiri ndi kutenga njingayo n'kupalasa wekha. Apa mpofunika kudekha. Anyamata ambiri a takisi njinga si zawo. Amabwereka kwa mwini wake, ndipo madzulo aliwonse amakapereka ndalama imene anapangana, kaya tsikulo kunali makasitomala kaya kunalibe. Chotsala ndicho cha ndiwo kunyumba. Tsono mlendo akapempha njinga ya tsiku lonse, akupempha malipiro a tsiku lonse a banja lina, mwinanso mabanja awiri. Mtengo wachilungamo uyenera kuyambira pamenepo, osati pa mtengo wa ulendo umodzi wa kumsika.

Safunsa anadya phula. Pangano lichitike njinga isanachoke, pamaso pa mboni: mwini nyumba ya alendo, mkulu wa pamalo oimikapo njinga, kapena mbale wokhala mu mzinda. Agwirizane ola lobwezera, malo obwezera, ndiponso amene adzalipire tayala likaphulika kapena tcheni likaduka. Funso lalikulu ndi la kuba. Njinga ikabedwa m'manja mwa mlendo, wa takisi ndiye amatsala ndi ngongole kwa mwini wake, ndipo mawa lake alibe chogwirira ntchito. Milandu yotere imatha ku polisi ndi chidani. Loko wabwino ndi wotchipa kuposa mlandu.

Musanalipire, yesani mabuleki onse awiri. Gwedezani mawilo kuti muone ngati masipoko ali olimba. Kwezani kapena tsitsani chishalo molingana ndi miyendo yanu. Funsani pampu. Mawu ochepa a Chipwitikizi amathandiza kwa okonza njinga a m'mbali mwa msewu: travão ndi buleki, câmara ndi chubu, corrente ndi tcheni, bomba ndi pampu.

Kuyambira kumtsinje

Ulendo wa mu mzinda umayamba bwino mmamawa pa Marginal, msewu wotsata gombe la mtsinje. Dzina la mtsinjewu lili ndi mbiri. Mu 1498 Vasco da Gama anaima pano pa ulendo wake wofunafuna njira ya ku India. Ataona anthu odziwa za malonda a kum'mawa, anati zimenezi ndi zizindikiro zabwino, ndiye kumasulira kwa Bons Sinais. Koma mtsinjewu unali ndi eni ake kale, ndipo amalonda Achiswahili anali atafika pano Apwitikizi asanabwere.

Pa Marginal pomwepo pali tchalitchi chakale cha Nossa Senhora do Livramento, chimene anthu amangoti Catedral Velha, chomangidwa m'zaka za m'ma 1770 ndi 1780. Chapafupi pali doko. Wolankhula Chichewa kapena Chinyanja akaima apa asaganize kuti ali kutali ndi mbiri ya kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Quelimane linali limodzi mwa madoko akuluakulu otumizira akapolo ku Brazil, ndipo ambiri mwa anthuwo ankagwidwa kumtunda, m'zigwa za Zambezi ndi Shire.

Pano mpamenenso David Livingstone anathera ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda, mu Meyi 1856. Pambuyo pake, amishoni ndi amalonda opita ku Blantyre ndi ku nyanja ya Niassa ankatsikira pano, n'kukwera mabwato mu mtsinje wa Cuácua, kenaka n'kudutsa pamtunda kukafika ku Zambezi. Njira imeneyi inazilala pamene khomo la Chinde linadziwika mu 1889. Quelimane anapatsidwa ulemu wokhala mzinda pa 21 Ogasiti 1942, ndipo tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka.

Kuchoka ku Marginal, njinga imalowa m'misewu yotakata ya pakati pa mzinda, kudutsa nyumba za nthawi ya atsamunda, mizikiti ndi masitolo, mpaka ku msika waukulu. Kumsika nkofunika kutsika ndi kukankha. Pamenepo pali nsomba, nkhanu, mpunga wa m'madambo a konkuno ndi milu ya kokonati.

Kumene phula limathera

Galimoto imaonetsa mlendo pakati pa mzinda pokha. Njinga imamufikitsa kumene anthu ambiri amagona. M'mabairo monga Icidua, phula limatha, timisewu timachepa, ndipo nyumba zambiri ndi zamitengo ndi matope. Malowa ndi otsika kwambiri. Nyanja ikadzaza, madzi amchere amakwera ndi mitsinje mpaka kufika m'makomo.

Chotchinga madziwo ndi nkhalango ya mitengo yomera m'matope amchere, imene pa Chipwitikizi amati mangal. Mizu yake imagwira dothi, imafooketsa mafunde, ndipo ndi moswerana nsomba ndi nkhanu. Koma mitengo yomweyo ndiyo milimo ya nyumba ndi nkhuni za osauka, choncho yadulidwa kwambiri. M'zaka za m'ma 2010 khonsolo ndi mabungwe othandiza anayamba ntchito yobzalanso mitengoyi ku Icidua pamodzi ndi anthu a m'deralo. Wopalasa njinga angathe kuona ndi maso ake pamene mitengo yaima ndi pamene patsala zitsa.

Kufunika kwa nkhaniyi kunaoneka pa 11 Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwera pamtunda pafupi ndi Quelimane. Madenga anasasuka, magetsi ndi madzi zinaduka, ndipo kolera anabuka mu mzinda. Namondwe yemweyo anapitirira kumtunda n'kukagwetsa mvula yoopsa ku Milange, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre, kumene anthu mazanamazana anafa. Mphepo imene imayambira pa gombe lino siifunsa pasipoti pa Muloza.

Pofika m'mabairo, ulemu ukhale patsogolo. Perekani moni. Musajambule munthu kapena nyumba yake osapempha. Mwana akathamangira njinga, chepetsani liwiro.

Msewu wa ku Zalala

Ulendo umene alendo ambiri amaufuna ndi wa ku gombe la Zalala, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda. Msewu umatulukira ku Coalane n'kudutsa ku Maquival. Kwa munthu wozolowera njinga ndi maola awiri kapena atatu, osathamanga. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 60, choncho wosadzidalira agwirizane ndi wa shapa kuti pobwerera njinga ikwere pamwamba.

M'mbali mwa msewu muli minda ya mpunga, ya chinangwa ndi ya mbatata, komanso mitengo ya kokonati. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene dera lino linali ndi minda ya kokonati yowerengedwa pakati pa yaikulu kwambiri pa dziko lonse lapansi. Makampani monga Madal ndi Boror ankaumitsa mnofu wa kokonati, umene amati copra, n'kutumiza kunja kukayenga mafuta ndi kupanga sopo. Mabanja nawonso anali ndi mitengo yawo. Mtengo umodzi unkapatsa chakudya, chakumwa, denga, chingwe ndi ndalama ya sukulu.

Kenaka kunabwera matenda amene akatswiri amati amarelecimento letal. Zipatso zimayoyoka zisanakhwime, masamba amasanduka achikasu, nsonga imagwa, ndipo m'miyezi yochepa pamatsala thunthu lokha ngati mzati wa magetsi. Matendawa alibe mankhwala amene mlimi wamba angakwanitse. Kuwonjezera apo, m'mitengo yakufayo mumaswana chikumbu chachikulu chokhala ndi nyanga, chimene chimaboola nsonga za mitengo yaing'ono. Pakati pa 2008 ndi 2013, boma mothandizidwa ndi bungwe la ku America la Millennium Challenge Corporation linayendetsa ntchito yodula ndi kutentha mitengo yodwala ndi kugawa mbande zatsopano ku Zambézia ndi ku Nampula. Komabe mitengo yambirimbiri inali itapita kale.

Apa mpamene nkhani ya kokonati imakumana ndi nkhani ya njinga. Banja likataya mitengo yake, mwana wamwamuna amalowera ku mzinda kukafuna chochita, ndipo chochita chapafupi ndi chishalo. Mlendo wodutsa pakati pa zitsa zija akuona kumene ena mwa anyamata a mabelu aja anachokera.

Ku Zalala kuli mchenga wautali, wosalala, ndi mitengo ya casuarina yopereka mthunzi. Madzi akaphwera, gombe limatambalala ndipo mchenga wonyowa umalimba moti njinga imayenda. Koma mchere ndi mdani wa tcheni ndi masipoko. Njinga ya mwini isalowe m'madzi, ndipo ikadutsa pa mchenga itsukidwe ndi madzi abwino ndi kuthiridwa mafuta isanabwezedwe. Asodzi amakoka makoka awo pagombe pomwepo, ndipo nsomba imagulidwa ikadali yaiwisi.

Njala ya panjira ili ndi mankhwala ake. Madzi a kokonati wanthete, amene amati lanho, amagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Chakudya chotchuka cha chigawo chino ndi nkhuku yootcha yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, galinha à zambeziana, pamodzi ndi mucapata, chophikidwa ndi mpunga, mphodza ndi kokonati.

Wotsala ndi tsiku lina angathe kuwoloka mtsinje pa bwato kupita ku boma la Inhassunge, kumene kulinso midzi ya mpunga ndi kokonati. Njinga imakwera nawo. Mwini wake auzidwiretu za ulendo wotere, ndipo bwato likaoneka lodzaza mopitirira, ndi bwino kudikira lina.

Nyengo ndi chitetezo

Miyezi yabwino ndi ya Meyi mpaka Seputembala, pamene kunja kuli kozizirirapo ndipo misewu ndi youma. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumatentha ndi chinyontho, mvula imagwa yambiri, misewu ya dothi imasanduka matope, ndipo ndi nyengo ya anamondwe. Ngakhale m'chilimwe, nyamukani dzuwa lisanakwere, tengani madzi akumwa okwanira ndi chipewa.

Pamsewu yendani kumanzere, kumphepete, mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Malole ndi mashapa sapatukira njinga. Njinga zambiri zobwereka zilibe nyali, choncho dzuwa likamapendeka mukhale mutayamba kale kubwerera. Madzulo kuno kuli udzudzu wambiri, ndipo malungo ndi matenda a tsiku ndi tsiku, gonani m'neti.

Pomaliza, bwezani njinga pa ola limene munapangana. Ola limodzi lochedwa madzulo ndi nthawi imene antchito akuweruka, nthawi imene wa takisi amapeza makasitomala ochuluka. Ngati china chathyoka, nenani ndi kulipira. Mawa m'bandakucha njinga yomweyo iyenera kukhala ili pamsewu, itanyamula mayi wopita kuchipatala kapena mwana wopita kusukulu, ndipo banja la mwini wake likudikira ndiwo za madzulo.